Ndinapumitsa Filiji, Amayi

Amayi, kwacha bwanji kumene muliko? Ndikhulupirira kuti kumeneko magetsi sathimathima ngati kuno. Ndine Lufeyo wanu, uja munkati pobadwa panatsogola pakamwa, miyendo n'kubwera pambuyo.

Ndiyambe ndi zabwino. Mpongozi wanu Nasibeko wachira Lachiwiri lapitali. Mwana wamkazi, wonenepa moti anamwino awiri anachita kuthandizana pomunyamula. Mphuno ndi yanu yeniyeni, mawunso ndi anu: akayamba kulira, agalu a Eriya 15 yonse amakhala chete kumvetsera. Tamutcha Elube, dzina lanu. Kumudzi mlongo wanga Esinati chaka chino anakolola mtedza wabwino, fodya yekha ndiye anakana. Mbuzi zanu zitatu zija, zimene tinagwirizana pa maliro kuti zikhale za chiliza chanu, ina ya simenti, zina za ndiwo za omanga, zikunenepa. Muzisunge m'mutu mbuzizi, tibwererako.

Paja munandisiya ndikusesa panja ndi kuthirira maluwa kwa abwana. Pano ndinakwera, Amayi, ndine wa m'nyumba. Adona atadandaula kuti mayunitsi a magetsi akutha ngati shuga wa pamaliro, ine ndinati nkhondo imeneyo andisiyire. Ndinakumbuka mawu anu aja: "Chikuni chosaphika kanthu chichotse pamoto, mawa ndi tsikunso."

Ndinayamba ndi giza, chithanki chotenthetsa madzi osamba chimene chimakhala kudenga. Ameneyo ndiye fisi wa nyumba ino, amadya anthu osamuona. Ndimamuyatsa pang'ono m'mawa, basi. Zovala ndimaunjika za sabata yonse kuti nsimbi itenthe kamodzi, mipango ndimasitira kutentha kotsala nditazimitsa kale. M'ketulo ndimathira madzi okwana makapu amene akufunika, osati kudzadza ngati tikufuna kusambitsa ng'ombe. Wayilesi yakanema yolankhula yokha, fani yokupiza mipando, zonsezo ndimazula kukhoma. Mita imene inkathamanga ngati minibasi yolimbirana anthu inayamba kuyenda ngati mkwatibwi. Abwana anandigwira dzanja pamaso pa alendo n'kunditcha injiniya. Ine, Amayi, wa Sitandade 5!

Kutamidwako ndiye kunandiledzeretsa. M'chipinda cha katundu muli filiji ina yaikulu yogona chagada, yoti inu ndi anzanu onse a kwaya mukanakwanamo n'kutsala malo a ng'oma. Imang'ung'udza osapuma. Ndinaona kuti magetsi akathima tsiku lonse, nyama imakhalabe gwa ngati mwala. Ndiye ndinati, ngati eni magetsi amaipumitsa osavuta kanthu, ine ndalakwanji? Ndinayamba kuizimitsa m'mawa, n'kuiyatsa poweruka. Sindinauze munthu. Ndinkafuna adzadabwe okha.

Abwana ndi adona anapita ku Mzuzu kukatenga abale, chifukwa Loweruka likudzali ndi chinkhoswe cha mwana wawo woyamba. M'filijimo anasiya nyama ya mbuzi ziwiri ndi nkhuku zosawerengeka. Lachiwiri m'mawa ndinaizimitsa mwa nthawi zonse. Ndisanamalize kukolopa, Nasibeko anakuwa ku kota, kanyumba kathu ka kuseri. Zinavuta, Amayi, mpaka anamuchita opareshoni. Masiku anayi ndinali munthu wa pamsewu wa kuchipatala, phala kumanja, matewera kumanzere. M'nyumba yaikulu sindinapondemo. Ndipo dzuwa la Okutobala mukulidziwa.

Anandikumbutsa ndi ntchentche. Zobiriwira zija, zinadzadza pa windo ngati anthu pa depoti. Nditatsegula chitseko cha filiji, fungo linandikhazika pansi. Apa sindikuwonjezera, Amayi. Koyamba chibadwire, ndikuchepetsa. Ndinakumba dzenje kuseri kwa mapapaya n'kukwirira chinkhoswe cha eni ake.

Alonda athu a Phiri, amene anandithandiza kukumba atamanga mpango pamphuno, anandinong'oneza kuti ndingoti magetsi anathima sabata yonse, ndani angatsutse? Ndinatsala pang'ono kuvomera, bodza lake linali lokongola. Koma ndinakumvani muli pa mtondo paja mukuti: "Iwe Lufeyo, bodza lako lizikhala loseketsa anthu, osati lobisalamo." Ndiye ndinaimbira adona n'kuwauza zonse, kuyambira pa nzeru zanga. Iwo anangoti Lachisanu likafika filiji ilibe nyama, makiyi a ku kota ndikasiye kwa alonda. Sanakalipe n'komwe. Bola akanakalipa.

Amayi, Nasibeko ali ndi bala losapola, kudzuka pa mphasa amachita kugwira khoma. Mwana mchombo sunagwe. Ndiwatengere kuti? Masiku ano sindikuseketsa munthu. Ngakhale a Phiri akuti pabwalo pano pazizira.

Tabwerera ku mbuzi zija. Mawa ndikwera minibasi ya kwathu ku Malingunde. Ziwiri tidzapha, yachitatu ndigulitsa kuti ndipezere nkhuku ku Msika wa Lilongwe. Ndikudziwa, tinakulonjezani chiliza mvula isanagwe. Ndine ndemwe ndinaima pamanda, mudzi wonse ukumva, n'kunena kuti chidzakhala chachitali choti oyendetsa ndege azidzachizemba. Tsopano mugonanso dzinja lina pansi pa mulu wa dothi ndi kamtanda ka thabwa, chifukwa cha nzeru za injiniya wanu. Zikundiwawa kuposa mawu a adona. Inu simunadyepo kanthu kozizira ka m'filiji moyo wanu wonse, koma ndinu mukulipira.

Esinati sadzandipatsa chingwe cha mbuzizo msanga. Mukumudziwa, adzayamba wandiwerengera machimo kuyambira tsiku lija ndinaba nzimbe kudimba la amalume, ndipo ulendo uno adzakhala akunena zoona. Ngati kumeneko amalola kutuluka, mutsogoleko ndisanafike, mukamufewetse mtima. Mukamuuze kuti mbuzi sizikupita kwa Lufeyo, zikukagwira denga la Elube wamng'ono. Inu akumverani. Ine anasiya kundikhulupirira ndili ndi mano a mkaka.

Filiji ndaitsuka katatu ndi soda, ndaiyatsa. Ikung'ung'udza yopanda kanthu, ndipo swichi yake ndaimata ndi selotepi kuti dzanja langa lanzeru lisafikepo. Giza yekha ndiye ndikulimbana nayebe.

Chiliza ndidzamanga, Amayi, tikakolola. Kutalika kwake sindinena. Ndidzabwera ndi Elube, ndidzamupondetsa pa simenti yaiwisi, kuti muzidzaona phazi la amene anakudyerani mbuzi.

Ndine mwana wanu wokukondani mpaka kalekale,
Lufeyo, injiniya wopuma.