Kani Ulesi Uja Unali Mphira

Bambo a mwana,

Musandifunefune, ndathamangira kuntchito ndi kalata ya adokotala! Paja manja angawa akhala akutupa ndi kuyabwa miyezi inayi, akapitawo n'kumati ndi ulesi, ndikuthawa kukolopa. Lero kuchipatala andiyeza, akuti thupi langa limadana ndi mphira wa magolovesi aja okhala ndi ufa m'kati. Ndinatuluka ndikuvina pakhonde, odwala mpaka kundiwombera m'manja!

Kalata ya adokotalayi ndikaiika patebulo pa akapitawo, aiwerenge mokweza anzanga onse akumva. Atipatse magolovesi abuluu opanda mphira, ine ndi mnzanga wotsuka zimbudzi uja, poti nayenso zala zinachita kung'ambika. Akakana, mawu anga muwamva muli konkuno.

Tsono pepani, mabaluni a phwando la mwana ndapatsa aneba, akuti nawonso ndi mphira. Akalira mumunyengerere. Magolovesi akukhitchini ndataya, ndiye mbale zili musinkizo ndi zanu mpaka manja atapola. Ndi lamulo la adokotala, osati langa.

Za timphira tina tija ta m'kabati yakuchipinda, tikambirana ndikabwera. Musaseke!

Ndine wanu uja ankati waulesi