Ka 1 Kamene Ana Amabweza

Lolemba, 9 Juni

Ndayamba ntchito. Ine amene ndinapuma uphunzitsi zaka ziwiri zapitazo, lero ndili ndi tebulo langalanga mu ofesi ya kafukufuku wa masamu, pafupi ndi zenera losatsekeka bwino. Andilemba milungu iwiri kuti ndichonge mapepala 640 a ana a Sitandade 3. Yankho likalakwika, ndizilemba pambali nambala ya mtundu wa cholakwacho. Lipoti lake lipita ku komiti imene ikukonza buku latsopano la masamu.

Abwana ndi a Dokotala, a mabuku osati a jakisoni. Aulemu ndithu, koma akamalankhula nawe amayang'ana pamwamba pa mutu wako ngati kumbuyoko kwaima wina wamtali. Palinso Asisi a kompyuta, amene amalowetsa nambala zanga m'makina.

Ndavala bulauzi imene wandisokera mwana wanga wachiwiri, telala uja. Masamu anamukana kusukulu, koma singano imamumvera. Bambo a kunyumba akuti, "Zaka 31 mukuchonga, mwapuma, mwakasakanso zochonga. Cholembera chofiira chinakulodzani inu." Asiyeni, ndi nsanje.

Lachiwiri, 10 Juni

Mapepala 85. Msana!

Lachitatu, 11 Juni

Funso 6 landisowetsa mtendere. 52 kuchotsa 17. Yankho ndi 35, koma ana ambirimbiri alemba 45. Pepala la malangizo likuti 45 ndi cholakwa nambala 2: mwana wasowa chochita ndi 2 kuchotsa 7, ndiye wangotembenuza, 7 kuchotsa 2, kenako 5 kuchotsa 1. Akuti mwana wotere sadziwa kubwereka n'komwe.

Koma maso anga anazolowera pensulo ya mwana. Pa mapepala ambiri pali ka 1 pafupi ndi 2. Pa 5 pakhwatchidwa, palembedwa 4. Kenako 4 uja wakhwatchidwanso, 5 wabwerera. Mwana wosadziwa kubwereka ka 1 aka wakatenga kuti? Ndayamba kuwaunjika pambali. Pofika masana anali 40.

Ndawaonetsa a Dokotala. "Amayi, ana amafufutafufuta. Ingotsatirani malangizo." Pakamwa ndati chabwino. Mumtima ayi.

Lachinayi, 12 Juni

Ndamva a Dokotala akuwerengera Asisi zimene alemba kale: ana ambiri sadziwa kubwereka, choncho buku latsopano liwonjezere milungu inayi yophunzitsa kubwereka. Lipoti lipita Lachisanu la sabata ya mawa.

Zandiwawa. Ngati akulakwitsa, ana a dziko lonse amwetsedwa mankhwala a matenda amene sakudwala, ndipo aphunzitsi anzanga anenedwa kuti ndi aulesi.

Lachisanu, 13 Juni

Ndinapempha kukwera nawo galimoto yokatenga mapepala otsala kusukulu ina. Fungo la choko litangondipeza pakhomo, miyendo inakumbukira yokha mayendedwe a m'kalasi. Ndinapempha aphunzitsi a kalasiyo kuti andiitanire mtsikana mmodzi mwa amene analemba 45. Anabwera, kamwana kaukhondo, pensulo yotafunidwa kumapeto.

"Tandionetsa mmene unachitira, mwanawe."

Anabwereka bwinobwino: anakhwatcha 5 wa 52, analemba 4, ka 1 pafupi ndi 2. 12 kuchotsa 7, analemba 5. Kenako anakhwatcha 4 uja n'kulembanso 5.

"Nanga apa watani?"

Anandiyang'ana ngati ine ndiye wosadziwa. "Si ndinabwereka, madamu? Ndiye ndabweza. Amayi amati chobwereka umabweza tsiku lomwelo."

Ndinakhala pa desiki ya ana, mawondo m'mwamba. Zaka 31 ndakhala ndikuimba pa bolodi kuti "2 ndi wochepa, apite akabwereke kwa neba." Sindinafunsepo mwana ndi mmodzi yemwe kuti mawuwo amawamva bwanji. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndadya lambiri.

Wobweza akupeza 45, wotembenuza akupezanso 45. Matenda awiri, chizindikiro chimodzi. N'chifukwa chake makina a Asisi sakuona kusiyana.

M'galimoto pobwerera ndinaganiza za mwana wanga telala. Sitandade 3 ndinamuphunzitsa ndekha. Ndinazikankhira kumbali, sindinafune kuziganiza.

Loweruka, 14 Juni

Tsiku lonse patebulo la pabalaza, kufuna samu imene ingalekanitse ana awiriwa. Ndinayesa 63 kuchotsa 28, onse awiri 45 kachiwiri! Ndinaseka ndekha mpaka bambo anasuzumira kufunsa ngati mutu uli bwino.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndaipeza: 71 kuchotsa 38. Wokhoza apeza 33. Wotembenuza 47. Wobweza 43. Ndaiwerengera kanayi. Ine ndekha, wopanda digiri, ndi pensulo ya mdzukulu.

Lolemba, 16 Juni

Ndinawapeza a Dokotala asanamwe tiyi. Ndinafotokoza za mtsikana uja, n'kuwaikira samu yanga patsogolo. Anavula magalasi, anaiwerengera okha kawiri.

"Mwana mmodzi si kafukufuku, amayi."

"Ndiye tikafunse ambiri, bwana."

Asisi, amene samalankhula mwachisawawa, anati, "Bwana, amayiwa akunena zoona pa chinthu chimodzi. Funso lathu lija ndi lakhungu."

A Dokotala avomera tsiku limodzi: Lachitatu, masukulu atatu, funso limodzi. Koma andiikira malire. Ngati 43 akhala owerengeka chabe, lipoti lipita mmene lilili, ndipo nkhaniyi isadzamvekenso. Ndati ndamva. Amati tsobola wakale sawawa. Tiona.

Lachiwiri, 17 Juni

Mantha. Bwanji ngati anali mwana mmodzi yekhayo? Ndidzakhala gogo amene anathetsa mafuta a galimoto ya ofesi pa maloto ake. 

Lachitatu, 18 Juni

Mapepala 150. Tinawagawa milu patebulo langa, Asisi akuitana yankho, ine ndikuponya. Okhoza 71. Zosokonekera zina 8. A 47 anakwana 19 basi. Mulu wa 43 unangokulirakulira mpaka mphepo ya pazenera lija inayamba kuugwetsa, tinaupsinja ndi kapu. 52!

A Dokotala anawerenga muluwo okha, chala kunyambita, kawiri konse. Kenako anandiyang'ana. M'maso, osati pamwamba pa mutu.

"Ndiye m'bukumo tiziti chiyani m'malo mwa kubwereka, aphunzitsi?"

Aphunzitsi! Dzana ndinali amayi.

"Kumasula mtolo," ndinatero. "Ana amawerenga kale ndi timitengo tomanga khumikhumi. Mtolo ukaumasula sunaubwereke kwa munthu, ndi wako womwe. Palibe chobweza."

Analemba. Afufuta ndime ya milungu inayi ija. Andifunsa kalembedwe ka dzina langa lonse kuti likhale pachikuto cha lipoti, ndipo akuti Lachisanu ndipite nawo ku komiti, funso 6 ndikafotokoze ndekha.

Sindibisa, ndanyada. Pochoka ndinapatsa moni ndi alonda a ofesi yoyandikana omwe. Bambo akuti kuyambira lero azindipempha chilolezo asanabwereke lumo langa. Ndati bola azibweza.

Lachinayi, 19 Juni

Masana ndinapita kushopu kwa mwana wanga kuti andichepetsere jekete la mawa. Anandiimika pakati pa makina awiri, mapini kukamwa, tepi m'khosi. Ndinkamuuza za komiti, iye akungoti "mmm, musagwedezeke."

Sindikudziwa chinandigwira. Ndinamufunsa, 71 kuchotsa 38.

"33," anatero, osakweza mutu n'komwe. "Zimenezo ndimachita ndi tepi tsiku lililonse."

Ndinatola kansalu kakuda pansi ndi choko chake chodulira. "Tandilembera ngati kusukulu."

Anaseka. Analemba 71, pansi pake 38. Ka 1 pambali. Anakhwatcha 7, analemba 6. Kenako dzanja linabwerera lokha, 6 anakhwatchidwa, 7 anabwerera. 43.

"Mwaona? Papepala masamu amandikana. Munkanena nokha kuti ndine wosasamala."

Ndinkaterodi. Ndi cholembera chofiira, m'kope lake, kangapo konse.

Ndinamufotokozera zonse, mtsikana wa pensulo yotafunidwa, mulu wopsinjidwa ndi kapu. Anachotsa mapini kukamwa mmodzimmodzi. Mwana wangayo, mayi wa ana awiri, mwini shopu, anayang'ana kansaluko nthawi yaitali.

"Ndiye sindinali mbuli?"

"Ayi, mwanangu. Unali mwana womvera. Wolakwa ndinali ine."

"Zonse ziwiri munandiphunzitsa ndinu, amayi. Kubwereka kusukulu, kubweza kunyumba."

Ndinafuna kufufuta samuyo ndi chala, koma anandigwira dzanja. Anapinda kansaluko bwinobwino, choko chili mkati, n'kukalowetsa m'thumba la jekete.

"Mawa mukayambe ndi kameneka," anatero. "Mukawauze kuti ndi ka mwana wanu. Tsopano imani mowongoka, phewa ili lapendekeka."