Piritsi limodzi, anthu awiri

Amayi, kodi mukukhala bwanji kumeneko?

Ndine Amidu, mwana wanu wa ku Nkaya. Zilembo zopendamazi zisakudabwitseni, ndi dzanja langa lenileni. Paja munandisiya ndikusaina ndi chala. Izi ndazidziwira ku sukulu ya kwacha imvi zitadzaza kale m'mutu, ndipo ndimalemba ngati sitima ya malasha ikamakwera chitunda, ndiye mundilezere mtima.

Kuno tili bwino, Alihamudulila. Nandolo chaka chino wabereka, koma chimanga cha m'mbali mwa Rivirivi china chinapita ndi madzi. Mtengo wa mango uja munabzala kuseri kwa nyumba ukadalipo, ndipo ana a mudzi wonse amauyesa wawo. Kwa achemwali ku Kawinga kwabadwa mwana wamkazi, mdzukulu wa mdzukulu wanu, amupatsa dzina lanu, Asiyatu. Mawu ake ndi anu enieni, akalira mbuzi zimabwerera kukhola. Bondo langa lamanzere ndiye lasanduka wailesi, limalengeza mvula kusanachite mitambo.

Koma nkhani yandigwiritsa cholembera ndi ya Mariamu, mwana wanga wachiwiri, uja munamusiya ali ku sekondale, ankakuwerengerani zolembedwa pa tijumbo ta mankhwala. Pano ndi mphunzitsi ku yunivesite. Amaphunzitsa afamasi, anthu aja amapereka mankhwala pawindo kuchipatala. Ali ndi ntchito inanso, amati kafukufuku. Amayenda m'midzi kumvetsera odwala, kufuna kudziwa chifukwa chake munthu amalandira mankhwala abwinobwino koma osachira. Zimene wamvazo, iye ndi anzake aziika mu kompyuta, napanga nkhalamba yojambula imene imayankhula. Wophunzira amakhala ngati ali pawindo, nkhalambayo imafika ndi buku lake lakuchipatala, ndiye azicheza. Akaikalipira, imangoti inde inde n'kumapita. Akaifunsa mwaulemu, imamasuka. Akuti mwana alakwitsire pa nkhalamba yabodza, asadzalakwitse pa yeniyeni.

Chimene chinkasowa ndi mawu a nkhalambayo. Mariamu anabwera kuno tikukolola nandolo wa chaka chatha, ndi foni yaikulu ngati thireyi, nati, "Ababa, mundibwereke pakamwa panu. Anzanga a ku tauni akamayesa kulankhula ngati agogo a ku Balaka, mpaka ana amaseka."

Ine ndinati, "Bwanji osapita kwa ena? Nkhalamba zatha?"

"Iyayi, koma inu ndinu wodwala wachitsanzo. M'buku lanu mulibe tsiku limene munajomba."

Apa ndiime kaye, amayi. Ndiyambe ndakuuzani chinsinsi changa.

Matenda anu aja othamanga magazi, amene masiku ano timangoti bipi, anandipeza inenso. Anandipatsa piritsi limodzi m'mawa uliwonse. Tsono Che Bwanali mukuwakumbukira, mnzanga uja tinkakonza naye njanji, amene munkamutcha mlendo wosatsanzika? Mutu unayamba kumuvuta, m'makutu kulira, zofanana ndendende ndi zanga. Kuchipatala anakana kupitako, chifukwa kalekale wina pawindo anamukalipira anthu akuona, ati mdala wamkulu osamva. Ndiye ine ndizimwa ndekha piritsi mnzanga akugwira mutu pa bawo? Mawu anu aja ankandibwerera, amene munkanena mukandiona ndikutafuna kanthu kuseri: "Iwe wadya, nanga mnzakoyo?" Basi ndinkatulutsa kampeni kanga, kudula piritsi pakati pamwamba pa bawo, theka iye, theka ine, kenako masewera. Tinachita zimenezi mvula ziwiri.

Ubwino wake wa njira imeneyi, kapena ndinene kuipa kwake, mapiritsi ankatha pa tsiku lake lenileni. Pawindo akayang'ana kajumbo, kopanda kanthu. "Mukumwa bwino, agogo?" Ine, "Kwambiri." Ndipo si bodza lonse, ndinkamwadi tsiku lililonse. Koma bipi osatsika. Mutu unkalemera, maso kuchita chizimezime, tsiku lina ndinangokhala pansi m'munda osadziwa kuti ndakhala liti. Adokotala anadabwa, nati ulendo wotsatira andiwonjezera mankhwala amphamvu.

Tinakhala pakhonde, Mariamu natchera foni yake. Iye ankawerenga mawu papepala, ine kubwereza. Anati, "Nenani kuti, pepani, ndinaiwala kumwa."

Ndinanena, koma zinatuluka zouma ngati chitsononkho.

"Ababa, ikanimo moyo. Mukuyankhula ngati mukuwerenga mayina a masiteshoni."

Ndinati, "Vuto si ine, ndi nkhalamba yakoyi. Ndi yopusa. Munthu wamkulu saiwala kupemphera swala zisanu, saiwala mbuzi zake, ndiye aiwale kapiritsi kamodzi? Kuiwalako timangonena kuti mutisiye tizipita."

Mwana uja anasiya pepala. Ndinaona maso ake asintha, ngati anu aja mukamva fungo la utsi wa fodya pa malaya anga. Ndinadikira mkuntho. Koma anangosendeza mpando, nafunsa pansipansi, "Chabwino. Nkhalamba yanzeruyo, imene siiwala, mapiritsi ake amapita kuti?"

Ndinati, "Mwina ili ndi mnzake."

"Mnzakeyo akudwala chiyani?"

"Mutu. Ndipo amaopa pawindo."

Kenako anazimitsa foni ija, naiika chafufumimba pa mkeka, nati, "Ababa, Che Bwanali ali bwanji masiku ano?"

Amayi, ndinaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo sindikudziwa ngati yonse inali ya kuseka. Ndinaulula zonse, ndi kampeni komwe ndinamuonetsa. Sanandikalipire. Anandifotokozera bwinobwino kuti theka la piritsi silinkatchinjiriza ine kapena mnzanga, tonse tinali pamvula ndi ambulera yong'ambika. Anatinso akanandiwonjezera amphamvu aja, tsiku lina Che Bwanali osabwera ku bawo, ine n'kumwa lathunthu, akanandipeza nditagwa. Ndipo mutu wa mnzanga palibe anauyeza, mwina matenda ake ndi ena.

M'mawa mwake tinapita kwa Che Bwanali. Atationa awiri anadziwiratu. Anati, "Amidu, wandigulitsa kwa mwana?"

Mariamu anagwada monga mwa mwambo, nati, "Sanakugulitseni, ababa. Ndabwera kudzapepesa za pawindo paja. Amene anakukalipirani sindikumudziwa, koma ntchito yake ndi yanga."

Mnzanga uja anangoti, "Ndipita, koma wina akakweza mawu, ine ndikwera njinga."

Anamuyeza, namupeza ndi bipi, komanso shuga, amene piritsi langa silikanamukhudza n'komwe. Pano ali ndi kajumbo kakekake. Chimene chikumuwawa ndi tiyi wopanda shuga, ndipo amati ndine ndinamulanda.

Pambuyo pake Mariamu anatipempha chilolezo, tonse awiri, kuti nkhani yathu ilowe mwa nkhalamba ya mu kompyuta ija, dzina ndi mudzi zitasinthidwa. Tinavomera. Che Bwanali anangopempha kuti aijambule ndi mano onse. Nditaiona ndinadabwa: chipewa cha Chisilamu, jekete lalikulu, mawu anga enieni. Ndinayesa kuifunsa mwaukali ngati ikumwa bwino mankhwala, iyo inati, "Kwambiri, adokotala," n'kutembenuka kumapita. Ndinati taonani mdala wabodza uyu! Mariamu akuti ophunzira ambiri amagwa nayo ulendo woyamba, chifukwa kajumbo kopanda kanthu kamawanamiza. Ena amakwiya nayo, ena amabwereza mpaka itawauza za mnzake. Iye amalemba zonsezo, kuti aone ngati ana ophunzira chonchi amasinthadi akafika pa anthu enieni. Akuti yankho lake silinapsebe.

Koma ine langa ndalipeza. Mwezi wathawu ndinapita kukatenga mankhwala, pawindo panali mtsikana wachilendo, wa ophunzira aja amabwera kudzazolowera ntchito. Anayang'ana buku, nayang'ana ine, osati buku lokha. Anati, "Agogo, musandimve molakwa. Kunyumba kapena kwa anzanu, alipo amene akudwala ngati inu, amene mwina mumamuganizirako pa mankhwalawa?"

Ndinati, "Analipo, mama, koma pano ali ndi akeake."

Mwana uja anatukula mutu msanga. Anati, "Agogo, mawu anuwa ndinawamvapo kwinakwake."

Ine ndinati, "Nkhalamba timafanana mawu." Ndinatenga kajumbo kanga n'kutuluka, ndipo ndinaseka njira yonse mpaka pa siteshoni.

Tsono amayi, pali chinthu chimodzi chimene ndakhala nacho zaka zonsezi. Titakuikani m'manda, achemwali posesa m'nyumba anapeza tijumbo tanu tonse topanda kanthu, ndipo tinatonthozana kuti amayi ankamvera malangizo, kungoti nthawi inakwana. Koma pa sadaka yanu, Abiti Ndala a kuseri kwa mzikiti anandikokera pambali akulira, nati, "Tsopano adzandigawira ndani mapiritsi?" Ndinamva, ndinasunga, ndipo patapita zaka ndinachitanso zomwezo, podziwa kuti ndikutsata mapazi anu. Sindikukuimbani mlandu, iyayi. Munapita pawindo paja kambirimbiri, ndipo palibe anakufunsani funso lanu lomwe lija lakuti nanga mnzanuyo. Akanafunsa, mukanayankha zoona, chifukwa inu bodza silinkakukhalani. Mariamu nditamuuza zimenezi analira, kenako anati nkhalamba yachiwiri imene akupanga idzakhala mayi.

Bipi yanga yatsika, ndipo amphamvu aja sanandipatsenso. Kampeni kaja kabwerera ku ntchito yake yosenda mango. Ndikukulonjezani kuti mango, nandolo ndi malo pamkeka ndizigawabe monga munandiphunzitsira. Koma piritsi ndizimwa lathunthu, ndipo mnzanga akagwira mutu, ndizimukweza pa njinga. Ndikufuna Asiyatu wamng'onoyu akule ndikumuona, ndidzamuuze ndekha za mwini dzina lake.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Amidu