Timaulusi makumi awiri ndi kamodzi

Amayi, kumeneko muli bwanji kodi?

Kuno mvula inadula msanga, komabe chimanga tapeza matumba khumi ndi anayi, ndipo fodya anadzaza zigafa ziwiri. Mdzukulu wanga wa ku Santhe uja wabereka mwana wamkazi. Zala ndinaziwerenga ndekha, zonse zilipo.

Koma chimene ndakhalira pansi si chimenechi. Amayi, ndili ndi chotupa m'bere lakumanzere, ndipo ndikuopa.

Ndinachipeza mu Januwale chili ngati nyemba. Mwana wanu mukumudziwa. Kuchipatala sindinapite. Ndinatenga ulusi, n'kuyeza chotupacho, n'kudula, n'kumata kaulusiko m'kope. Lamulungu lililonse chimodzimodzi. Lero m'kopemo muli timaulusi makumi awiri ndi kamodzi, ndipo palibe kamene kali kakafupi kuposa kam'mbuyo mwake.

Chinandipusitsa ndi sukulu yomweyi. Zaka makumi atatu ndinaphunzitsa atsikana kuti maselo, tinthu tosaoneka ndi maso timene timapanga thupi, sagawikana mwachisawawa. Selo limadikira uthenga wochokera kwa anzake, timadzi tina toliuza kuti yamba kugawikana. Palinso uthenga wina woliuza kuti basi, ima. Mukukumbukira nditadzitema ndi chikwakwa pamwendo? Munkati, "Usatokose, chilonda chimadziwa pothera." Munkanena zoona. Khungu linamera uku ndi uku, litakumana linaleka lokha. Ndiye ine sabata iliyonse ndinkadikira kuti chotupachi nachonso chimva.

Lachiwiri ndinapita kuchipatala cha kuboma. Dokotala wake ndi mtsikana amene ndinamuphunzitsa. Anatsegula kopelo tsamba ndi tsamba, kenako anati, "Aphunzitsi, kulemba mwalemba bwino, maliki onse ndi anu. Koma mukanabwera pa ulusi wachitatu." Akuti maselo amenewa anasiya kumva zoti ima, ndipo ena amadzipangira okha uthenga woti yamba. Fodya akachita mphukira timangobudula ndi zala. Izi akuti n'za mpeni, ku Lilongwe, ndipo sakudziwa ngati sizinafike kale m'khwapa.

Pali nkhani imene sindinakulembereni n'kale lonse. Amayi amene anakusambitsani tsiku la maliro anu anandinong'oneza kuti pansi pa nsalu imene munkamanga pachifuwa ija panali chotupa chachikulu ngati chibakera. Simunauze munthu. Ndakhala ndikukukwiyirani zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Lero ndaona kuti inenso ndachita zomwezo, kungoti inu munabisa ndi nsalu, ine ndi kope. Mundikhululukire.

Esinati, mwana wanga woyamba, sakudziwa kanthu. Abwera Loweruka kudzatenga mtedza wambewu. Nkhope yake ndikuiopa kuposa mpeniwo. Komabe ndikulonjeza kuti asanakhale n'komwe pamkeka, ndimugwira dzanja, ndiliika pamene pali chotupapo, kenako ndimuuza kuti alowe kuchipinda akagwire mabere ake onse awiri.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Edina