Ndinati mwanayu sanakhwime, iwo akufuna kukamutemera

Aphungu,

Mutu wanga waima, ndithandizeni. Ndine bambo wa ana atatu, ndimawotcherera mageti ku Nsungwi, ndipo ndikaweruka ndimaphunzitsa timu ya mpira ya m'dera lathu. Bwalo lomwe timasewererapo ndi la khonsolo. Ndi lafumbi lokhalokha, koma ndi lokhalo latsala, ena onse anthu anamangapo nyumba. Chaka chino kwamveka mphekesera zoti nalonso lisanduka depoti ya maminibasi. A khansala athu anatilonjeza kuti akatiyankhulira ku khonsolo, ndiye mukudziwa, tikangowaona timavula zipewa.

A khansalawa anakhazikitsa chikho, ndipo timu yathu yafika mu fainolo, Loweruka likubwerali. Nkhani yagona pa mnyamata wina dzina lake Lusayo, wa zaka khumi ndi zisanu, ali Fomu 2. Aphungu, mwanayu mpira amautha! Akaugwira, ngakhale amayi ogulitsa mandasi amasiya mabeseni n'kuimirira. Koma ndi mwana. Miyendo yake ili ngati mapesi a chimanga, ndipo miyezi yapitayi wakhala akudandaula bondo lakumanzere, akathamanga kwambiri limatupa. Ine ndimangomulowetsa chakumapeto, masewero akakhala opepuka. Timu yomwe tikumane nayo ndi ya madoda a ndevu zawo ochokera ku Mgona, anthu onyamula matumba tsiku lonse. Amenewo akakuponda, wapondedwa basi.

Pamsonkhano wa komiti, a khansala analamula kuti Lusayo adzasewere kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ati aitana akuluakulu a timu ina ya mu ligi yaikulu kuti adzaone ana a m'dera lawo. Ine ndinaimirira mwaulemu n'kunena kuti, "Olemekezeka, mwanayu sanakhwime." Iwo anaseka nati, "Vuto ndi lomwelo basi? Kochi, zimenezo tisiyireni, timukhwimitsa." Anthu anawomba m'manja. Ine kupusa kwangaku ndinkayesa akunena za mkaka ndi mazira.

Dzulo a Gilford, wapampando wa timu yathu, anabwera kushedi kwanga n'kundinong'oneza kuti zonse zatheka. Ati Lachisanu galimoto ya a khansala idzamutenga Lusayo kupita naye kwa sing'anga wina kunjira ya ku Dowa, akamutemere m'mawondo ndi m'mapazi. Nditawafotokozera kuti ine ndinkanena za msinkhu ndi mafupa, osati za mankhwala, anandiyankha kuti, "Mawuwo munayankhula ndinu, pagulu. Bwana amva, akonza. Walira mvula walira matope, achimwene. Mukakana pano mwawanyoza, ndipo bwalo mulitsanzike."

Mayi ake a Lusayo ndi amasiye, a m'gulu la amayi la Umanyano kumpingo kwathu. Tsiku lomwe anabwera naye kubwalo anandigwira dzanja nati, "A kochi, bambo ake kulibe, ndakupatsani inu." Mpaka pano sakudziwa kanthu. Koma Lusayo mwiniwakeyo a Gilford amuuza kale, ndipo nkhope ikungowala, akuti akatemeredwa palibe difenda angamuthyole.

Mtima ukundiwawa, tulo sindikutiona. Ndikakana, ana onsewa asowa posewerera, ndipo komwe akathere ndikukudziwa, m'mashabini ndi m'mavidiyo. Ndikalola, mayi aja ndidzawayang'ana ndi maso ati? Nditani?

F.M., Area 25, Lilongwe

A F.M.,

Pepani, katundu mwasenzayu ndi wolemera. Koma sindizungulira: Lusayo asapite kwa sing'anga, ndipo Loweruka asasewere.

Yambani ndi mayi ake, lero lomwe, musanapite kwina kulikonse. Mwana ndi wawo. Palibe khansala, wapampando kapena kochi amene ali ndi mphamvu yokweza mwana wa eni galimoto kukamucheka ndi lezala mayi ake osadziwa. Auzeni zonse, osabisa dzina la munthu. Kenako inu ndi iwo mupite naye kuchipatala akaone bondolo. Bondo lotupa pa msinkhu umenewo sililimbidwira mtima, adokotala ndiwo anene kuti apume mpaka liti.

Za mphinizo, ine sindikangana ndi munthu pa zomwe amakhulupirira. Chomwe chandiopsa ndi mawu a mwanayo. Panopa amadziwa kuti ndi wamng'ono, akaona chimunthu chikubwera ndi liwiro amalumpha. Akangokhulupirira kuti sangathyoke, adzaika mwendo pomwe sayenera kuika. Mantha omwe akufuna kumuchotserawo ndi amene akhala akumuteteza mpaka lero.

Kwa a khansala pitani nokha, osati pagulu, ndipo musatume a Gilford, poti uthenga ukadutsa mwa iwo ukufika utapindika. Munthu wandale amaopa manyazi, choncho apatseni potulukira. Nenani kuti, "Olemekezeka, tsiku lija lilime langa ndi lomwe linaterereka." Liwu lija musalitchulenso, lakupwetekani kale. Tchulani zaka, tchulani bondo, tchulani zomwe anena adokotala. Ndipo afunseni modekha kuti mwana wa mayi wamasiye akadzatuluka m'bwalo atanyamulidwa, pa chikho chawo, pamaso pa alendo awo, anthu a m'dera adzatchula dzina la ndani. Ngati alendowo akumufunadi mnyamatayu, adzabwere atachira, adzamuone akusewera ndi a msinkhu wake.

Tsono za bwalo. Apa, a F.M., mwadzimanga nokha. Bwalo ndi la khonsolo, silili m'thumba mwa munthu mmodzi, ndipo makhansala amabwera n'kupita. Timu yotsamira pa lonjezo la pakamwa imakhalira kugwada, lero akupemphani Lusayo, mawa adzakupemphani wina. Sonkhanitsani makolo, mafumu a m'dera, aphunzitsi, atsikana a netibolo, matimu ena, ngakhale aku Mgona omwewo, mukapemphe ku khonsolo monga gulu kuti malowo asungidwire masewero, ndipo yankho lake likhale lolembedwa. A khansala muwaike patsogolo, ulemu autenge, zilibe kanthu. Koma sindikunamizani, mutha kuchita zonsezi bwalo n'kupitabe. Zikadzatero zidzakuwawani kwambiri, koma simudzazemba munthu panjira.

Lusayo mukhale naye pansi ngati munthu wamkulu. Adzakwiya, mwinanso adzati mukumuchitira nsanje. Mulekeni alankhule, ndipo mumuuze kuti mukufuna kudzamuona akusewera ali ndi ndevu zake. Lachisanu asadzakhale yekha. Akaweruka kusukulu mukamutenge inuyo, chifukwa mwana wolonjezedwa kutchuka amakwera galimoto yekha, osakankhidwa.

Pomaliza ndikuchenjezeni. Chovuta kwenikweni si a khansala ayi, ndi Loweruka. Akadzangokuchinyani chigoli, bwalo lonse lidzayamba kuimba dzina la Lusayo. Masapota adzakutukwanani, a Gilford adzakukokani malaya, ndipo mwanayo adzaima pambali panu misozi ili m'maso, akuti, "Kochi, pang'ono pokha, chonde." Apo ndi pomwe makochi abwino ambiri amagonjera, ndipo inu mwanayu mumamukonda. Musadziyese olimba mtima. Nsapato zake za mpira zidzatsale kunyumba, mayi ake azitsekere m'sutikesi, kiyi apite naye kumsika.

Aphungu