Musamuitanenso Yosefe

Amayi, kodi mukukhala bwanji kumeneko?

Kuno kwa Mphuka dzuwa ndi lomwe lija munalisiya, likutiwotcha ngati tinalilakwira. Mapira anabereka, koma njovu zinakolola eni mundafe tisanafike. Masau okha ndiwo sanatinyenge. Ine ndinachira bwino, mwana ndi wamkazi. Dzina ndi lanu, Esinati, ndipo pakamwa ndi panunso.

Koma chandilembetsa ndi mlongo wanga Yosefe. Mawu aja amawamva m'mutu sanamusiye, ngakhale mankhwala akumwa. A Sisita a ku kiliniki ya ku Boma anamuphunzitsanso china. Akhale pansi, amvetsere mpweya wake ukulowa ndi kutuluka, amve ukonde umene akusoka m'manja mwake. Mawuwo akabwera awazindikire koma asawayankhe, awasiye adutse ngati bwato la eni. Ndinaseka, Amayi. Si zija munkatiuza inu, kuti “Wokuitana amene sunamuone, usamuyankhe”?

Zinathandiza ndithu. Anayamba kudya, kusamba, mpaka kunyamula mwana.

Tsopano mawu asintha. Akuti ndi anu, mukumuitana kutsidya kwa Zambezi, chonsecho tinakuikani m'manda iye ali pomwepo. Dzana ndinamupeza madzi ali m'chiuno, padooko paja ng'ona inagwira mbuzi yathu. Ndinalowa kukamukoka, mwana ali kumsana. Ndinati, “Puma, Yosefe, asiye adutse.” Anandiyang'ana modekha, nati, “Iwe Lute, enawo ningawasiye. Manje awa ni amai. Unaonapo ine nachedwa amai akaitana?”

Ndinamugwira mkono n'kumukokera kumtunda. Ndinu munatilera kuti kholo siliitana kawiri. Wamakanine munkandiitana mpaka kukhosi kuuma, koma iye ankabwera chothamanga.

A Sisita ati si inu, ndi matenda, ndipo amusinthira mankhwala. Mutu wanga wavomera, mtima ukukana. Ndatopa, Amayi, ndipo ndili ndi mantha. Kumunda sindipitanso. Zambezi sindingamutseke, ndipo munthu wamkulu sindingamubereke kumsana.

Ngati ndinu, chonde lekani. Mukasowa woitana, itanani ine. Mukundidziwa, sindibwera msanga.

Ndikulonjeza kuti m'mawa uliwonse ndizikhala naye pamphasa, tikupuma limodzi, dzanja lake lili m'langa. Kupitirira apo ndilibe nzeru.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Lute