Adiresi ya Laputopu Yanu

Lachiwiri, 4 Juni

Masiku khumi ndi asanu ndi anayi chimwalirireni inu, amuna anga. Alendo onse apita. Tatsala ine ndi mabuku.

Rauta yakale, kabokosi kogawa intaneti m'nyumba kaja, inapsa sabata ya maliro, magetsi atabwera mwamphamvu. Lero bambo wa ku kampani ya intaneti wabweretsa yatsopano. Ndinamuuza kuti dzina la netiweki ndi pasiwedi asasinthe, munaziika ndinu. Foni yake inalumikiza pompo. Laputopu yanu ayi. Anaiyang'ana ngati nsapato yong'ambika. "Iyi ndi nkhalamba, mayi. Tingofufuta zonse, iyambirenso."

Ndinamupatsa madzi akumwa, n'kumuperekeza pakhomo. M'nyumba muno nkhalamba sitifufuta.

Lachitatu, 5 Juni

Mwana wathu waimba pa kafoni kanga ka mabatani. Lamlungu lapitali sanandione pa vidiyo, ndiye mtima wake uli m'mwamba. "Amayi, zonsezo ankapanga ndi adadi. Lamlungu likubwerali mukapanda kuoneka pa laputopu, tikubwera kudzakutengani. Chipinda takonza kale."

Ndimachidziwa chipindacho. Pafupi ndi makina ochapira, zenera loyang'ana mpanda. Mabuku angalowemo makumi awiri, mwinanso osakwana.

Akundifunira zabwino, ndikudziwa. Koma sindipita. Zaka makumi atatu ndi zinayi ndaphunzitsa ana a eni kuwerenga. Kabokosi ka magetsi ndiko kandisamutse?

Lachinayi, 6 Juni

Ndapeza kope lanu lobiriwira kuseri kwa madikishonale. A Shelefu inu! Dzinali sindinakupatseni pachabe. Ku laibulale kuja munkagwira ntchito, buku lililonse nambala yake, malo ake pa shelefu. Kunyumba kunonso chimodzimodzi. Pulinta 21. Wailesi ya kanema 22. Laputopu 23. Zilembo zanu zopendekera kumanzere zija. Ndinayamba ndakhala pansi.

Tsiku lonse pa buku lanu lalikulu la makompyuta. Chingerezi chouma ngati chikopa, koma ndawerengapo zouma kuposa apa. Ndamva izi. Chipangizo chilichonse pa netiweki chimakhala ndi adiresi, amati ya IP. Anthu ambiri amasiya rauta izigawa yokha maadiresi, lero iyi, mawa ina. Inu ayi. Munailemba ndi dzanja, yokhazikika: 192.168.1.23. Ndakumbuka munkati, "Sindifuna laputopu yongogona paliponse ngati mlendo." Ine ndinkaseka, osadziwa n'komwe zimene mukunena.

Pansi pa adiresiyo pali nambala ina, ya rauta yeniyeniyo, khomo lotulukira kunja. Munalemba yothera ndi 1. Ndatembenuza rauta yatsopano, pa kapepala ka pansi pake palembedwa yothera ndi 254. Kani masiku onsewa laputopu ikugogoda pakhomo lomwe linachotsedwa.

Ndisintha mawa.

Lachisanu, 7 Juni

Yatheka! Ndinalemba 254, tsamba la nkhani linatseguka. Ndinaimirira, ndinaomba m'manja ndekha pabalaza. Ndinacheuka kuti ndikuuzeni.

Mphindi khumi basi. Kenako yaduka. Yabwera. Yadukanso. Pakona pa sikirini pakutuluka kauthenga kakuti chipangizo china chili ndi adiresi yomweyi.

Ndani? M'nyumba muno ndili ndekha.

Masana mpongozi, mwamuna wa mwana wathu, anaimba, mwaulemu wake uja wotopetsa. "Amayi, n'zosavuta, pali kabokosi mungodina, izisankha yokha adiresi. Manambala a adadi aja ndi a kalekale." Mwina akunena zoona. Ndinati zikomo bambo, ndamva. Sindinadine. Ndiyambe ndadziwa amene wakhala pamalo panu.

Sindinaphike. Buledi ndi nthochi.

Loweruka, 8 Juni

Ndinazimitsa pulinta. Kauthenga kalipobe. Wailesi ya kanema ndinachita kuizula kukhoma. Kalipobe. Ndinafika poganizira aneba, anthu osalakwa, mayi aja anandisesera pabwalo sabata yonse. Manyazi.

Buku likuti rauta ili ndi tsamba lake, lokhala ndi mndandanda wa onse amene alowa. Kulemba 254 uja pamwamba, pasiwedi ya pa kapepala. Ndinalephera kanayi, intaneti ikungoduka. Kachisanu linatseguka.

Pa 23 palembedwa kuti Shelefu.

Foni yanu.

Ili m'dirowa ya pambali pa bedi. Ndimaitchaja m'mawa uliwonse chibwerereni kuchipatala. Sindinauze munthu. Imanjenjemerabe nthawi zina, mauthenga a anthu amene sanamve, ena otsatsa malonda. Sindingawatsegule, koma ndimamva. Rauta yatsopanoyi siidziwa kope lobiriwira. Inaona 23 ilibe mwini pamene laputopu inali yozimitsa, n'kuipereka kwa foni.

Ndaseka mpaka kulira, kapena ndalira mpaka kuseka. Masiku awiri ndikulimbana ndi wakuba, wakubayo ndinu.

Njira yachidule ndi kuizimitsa. Koma ikayakanso idzafuna nambala yachinsinsi imene sindiidziwa, ndipo sidzaliranso. Ndinaigwira m'manja nthawi yaitali, chala pa batani.

Ayi.

Mawa ndi Lamlungu.

Lamlungu, 9 Juni

Ndinadzuka ndi mutu wopepuka. Ndinatsegula mndandanda uja. Pa 24 palibe aliyense.

Ndinafufuta 23 yanu pa laputopu. Manambala awiri okha, koma ndinapepesa mokweza. Ndinalemba 24. Ndinadikira mphindi khumi, theka la ola, ola lathunthu. Sinaduke. Kauthenga zii.

Kenako kope. Sindinalembepo m'kope lanu chikwatiraneni, simunkalola ngakhale kulisuntha. Ndatenga cholembera chanu chomwecho. Mzere wanu sindinaukhwatche, ndangowonjezera pansi pake. Foni 23. Laputopu 24. Zilembo zanga zauphunzitsi, zoimirira, pansi pa zanu zopendekera.

Itakwana 3 koloko ndinali nditakhala kale, tsitsi lopesa, bulauzi ya buluu ija. Nkhope ya mwana wathu inadzaza sikirini yonse. "Iii, amayi! Wakukonzerani ndani?" Ndinati ine. Sanakhulupirire, anaitana mwamuna wake. Ndinawafotokozera za khomo la 254 pang'onopang'ono, ngati ana a kalasi yoyamba. Mpongozi anangoti, "Ehe." Za foni sindinanene.

Pomaliza anafunsa za chipinda. Ndinati yanikanimo zovala, mvula ikamagwa. Anaseka, kenako analira, anati ndikuyankhula ngati inu. Abwera mwezi wamawa, kudzacheza. Kudzacheza basi, ndinabwereza kawiri.

Tsamba la rauta sindinalitseke. Ndikuliyang'ana pano. 23, 24. Moyandikana, pa shelefu imodzi.